Nsalu ya Ambuya pa Mphuno ya Galimoto

Ndinali ndi zaka khumi chaka chimene amayi anga aang'ono, anti Misozi, anakwatiwa, ndipo anasankha ine kuti ndikavine ndi mpeni. Amene anakulira mu Lusaka akudziwa zimene ndikunena. Pa madyerero a ukwati, keke isanadulidwe, nyimbo imasintha, anthu onse amatembenukira kukhomo la holo, kenako mwana mmodzi amalowa yekha akuvina, atanyamula mpeni wokulungidwa maliboni, mpaka kukaupereka kwa akwati. Kwa mwana wa mu komboni ya Matero nthawi imeneyo panalibe ulemu woposa pamenepo. Ine mpeniwo ndinkaufuna ndi mtima wanga wonse, ndipo sindichita manyazi kunena zimenezi.

Amene ankatiphunzitsa kuvina tinkangowatcha ba Matironi, mayi wamfupi wa mawu aakulu amene sankamwetulira chisawawa. Tikaweruka kusukulu ankatisonkhanitsa pabwalo la nyumba yawo, wailesi ili pawindo, ife tikuponda fumbi mpaka miyendo kutuwa. Vuto linali limodzi, dzina lake Mulenga. Anali mphwake wa mkwati wamwamuna, anachokera ku Kitwe, ndipo ba Matironi anamuphunzitsa mavinidwe anga onse kuti akhale wodikirira, mwina ine n'kudwala. Mwanayo ankavina bwino, lero ndikuvomera, koma nthawi imeneyo ndikanalolera kumeza mwala kusiyana n'kunena zimenezo. Tsiku lomaliza kuyeserera ba Matironi anandiloza chala n'kunena kuti, "Enelesi, ukachedwa ku holo ine siniyembekeza munthu. Mpeni nizapasa Mulenga." Mawuwo ndinapita nawo kunyumba akundilira m'makutu.

Atate anali dalaivala wa lole pa nyumba ina yosungiramo katundu ku Heavy Industrial, dera la mafakitale. Analinso ndi kagalimoto kawo kakale kobiriwira, kamene anagula kwa kapitawo wina wopuma ntchito. Thupi lake linali lotopa. Chitseko china chinkatseguka munthu akachitsegulira kunja basi, ndipo kutsogolo, pa timipata tolowera mphepo tija, panali pothyokathyoka moti galimotoyo inkaoneka yogweluka mano. Koma injini yake atate ankaisamala kuposa malaya awo a kutchalitchi. Lamlungu lililonse masana ankatsegula boneti, n'kumayang'ana ichi ndi icho akuimba mluzu. Chigulireni galimotoyo inali isanawirepo pamsewu.

Tsopano ndinene za ambuya, mayi wawo wa amayi. Ankakhala ku Chazanga ndipo ankasoka zovala pamsika wa Mandevu, makina awo ali pakhonde la shopu ina. Anali munthu wokonda zooneka bwino, ndipo chimene manja awo asoka sankafuna munthu achinenere kanthu. Ine ndi iwo tinkatukwanizana mmene tifunira, monga mmene mdzukulu ndi ambuya ake amachitira kwathu kum'mawa. Ankanditcha mkazi mnzawo, amvekere ndinabadwira kudzawalanda mwamuna. Ine ndinkawabwezera kuti mwamunayo watopa ndi nkhalamba. Koma pakati pa iwo ndi atate panali mpanda wa ulemu. Mkamwini sayang'anizana maso ndi apongozi ake aakazi, sadya nawo mbale imodzi, ndipo kuwatsutsa ndiye sayerekeza n'komwe. Ngakhale ali m'chipinda chimodzi, ambuya ankatembenukira kwa ine n'kunena kuti, "Uwauze atate ako kuti zikomo chifukwa cha makala aja." Atate nawo ankayankha akuyang'ana khoma, mawu akudzera mwa ine.

Pa ukwati wa mwana wawo womaliza ambuya anasoka nsalu yaikulu yoyera yonyezimira. Pakati anasokerapo mitima iwiri yofiira ndi mayina a akwati, ndipo kumbuyo kwake anamatako pulasitiki yokhuthala ya patebulo ija, kuti isang'ambike kapena kuda ndi fumbi. M'mawa anaikoleka pakhomo la tchalitchi mu Matero, ndipo azimayi anaiyamikira mpaka ambuya ankayenda ngati sakuponda pansi. Mapemphero atatha, akwati ndi ovina anzanga anakwera magalimoto obwereka kupita kukajambulitsa, amayi anatsogola ku holo kukaona za chakudya, ndipo ine ndinatsala kuti ndibwere ndi atate ndi ambuya, pamodzi ndi makireti a zakumwa ndi mbale. Holoyo inali cha ku Mandevu.

Tikuti tinyamuke, ambuya anaima kutsogolo kwa galimoto manja ali m'chiuno.

"Uwauze atate ako kuti ine sindikafika pa ukwati wa mwana wanga m'galimoto yogweluka mano," anatero.

Anatenga nsalu ija n'kuimangirira kutsogolo ndi zingwe, kuchokera pa nyali ina kukafika pa inzake, pansi n'kukokera kuchitsulo cha bampala. Anaikunga bwinobwino osasiya mpata. Kunena zoona galimotoyo inakongola. Atate anaiyang'ana kanthawi, anakanda kumutu, kenako anatsegulira ambuya chitseko chakumbuyo.

Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa lija loti phula limafewa. Ine ndinakhala kutsogolo, diresi langa loyera nditalitambasula kuti lisakwinyike, mapazi akubwereza mavinidwe pansi pa mpando. Titafika mumsewu wodutsa kumafakitale tinapeza magalimoto atathinana, malole ndi maminibasi akuyenda pang'onopang'ono. Ndinaona atate akuyang'anayang'ana kamuvi ka pa geji ya kutentha. Kenako kunamveka fungo lachilendo, la chitsulo chotentha losakanikirana ndi kafungo kotsekemera, ndipo m'mbali mwa boneti munayamba kutuluka nthunzi. Atate anapatukira pambali, pafupi ndi mtengo umene anyamata ena ankamatira matayala, n'kuzimitsa injini.

 M'maganizo mwanga ndinaona Mulenga ali ndi mpeni wanga m'manja, anthu onse akumuimbira nthungululu.

Mu Lusaka galimoto ikangotsegulidwa boneti pamsewu, madokotala ake amachita kumera pansi. Posakhalitsa tinazunguliridwa. Wina anati, "Mudala, thirani chabe manzi ozizira, izayenda manje manje." Mnzake anati vuto ndi themositati, kachitseko kamene kamatsegulira madzi njira injini ikatentha, amvekere atate angokachotsa n'kukataya chifukwa kanapangidwira mayiko ozizira. Winanso anati tiswere dzira laiwisi mu rediyeta, limatseka pothontha paliponse. Mnyamata wina wachangu anatambasula dzanja kuti atsegule chivindikiro cha rediyeta, koma atate anamugwira pamkono. Anamuuza mofatsa kuti madzi a m'menemo akanali owira ndi opanikizika, akangotsegula amusenda nkhope yonse, ndipo kuthira madzi ozizira pa chitsulo chotentha chonchi n'kuching'amba. Anati tidikire izizire.

Kudikira! Mawu amenewo anandipweteka kuposa mbama. Ndinapempha kuti tikwere minibasi, koma ambuya anakana, amvekere iwo ndi mayi wa mkwatibwi, sangakafike pa ukwati atapanikizana ndi matumba a nsomba za kapenta. Ndinati ndipite ndekha, atate anangopukusa mutu. Ndinayamba kulira, koma ndikusamala kuti misozi isagwere pa diresi. Atate anati, "Kuona maso a nkhono n'kudekha, mwana wanga." Ndinawayankha kuti ine maso a nkhono sindikuwafuna, ndikufuna mpeni. Anyamata a matayala aja anaseka, ndipo ambuya, amene anali atakhala pa kireti mumthunzi akudzikupiza ndi mpango, anati mkazi mnzawo ali ndi pakamwa ngati wailesi.

Nthunzi itasiya, atate anaika dzanja pafupi ndi injini, anadikiranso pang'ono, kenako anandiitana.

"Bwera undithandize, maso ako ndi atsopano. Injini imatentha nthawi zonse, ndiyo ntchito yake. Zimene zimaiziziritsa ndi zitatu: madzi, oyilo ndi mphepo. Ikawira ndiye kuti chimodzi chasowa kapena sichikuyenda. Tizifunse chimodzichimodzi."

Ndinadabwa kuti ankalankhula mokweza, iwo amene mawu awo ankakhala apansi nthawi zonse. Ambuya anandiponyera chitenge kuti ndikulunge diresi, ndipo ndinagwada kusuzumira pansi pa galimoto. Atate anati ndione ngati pali pamene pakudontha. Panali ponyowa pamodzi pokha, pansi pa kapaipi kotayira madzi akawira, ndipo panali patayamba kale kuuma. Anandigwiritsa mapaipi akuda a labala aja, wapamwamba ndi wapansi, kuti ndiwafinye ndimve ngati ali ong'aluka kapena ofewa ngati nthochi yakupsa. Anali olimba. Kenako anaphimba chivindikiro cha rediyeta ndi chisanza, anachipotokola pang'ono nkhope atayang'ana kumbali, chinapuma kuti tsii, ndipo atadikira anachichotsa. Anandionetsa kalabala ka pansi pake kuti n'kabwino. Madzi anali atachepa pang'ono chabe, amene anatayika powira aja.

Apa mnyamata wina mwa omata matayala, amene anali ataima kutsogolo kwa galimoto, anayamba kunena kuti, "Koma mudala, ichi chinsalu ichi..." Atate anatsokomola mwamphamvu, anamupatsa chigubu n'kumupempha kuti akatitungire madzi pampopi. Mnyamatayo anapita, ndipo ine sindinaganizepo kanthu.

Tinapitiriza. Atate anasolola kachitsulo koyezera oyilo, anakapukuta, anakabwezera, n'kukasololanso. Anandifunsa mtundu wake. Ndinati wakuda. Anati ndi bwino, akanakhala ngati tiyi wamkaka ndiye kuti madzi alowa mu oyilo, gasiketi ya pamutu pa injini yapsa, ndipo tikanagona pomwepo. Anandiuza kuti ndidinikize ndi chala lamba amene amazunguza fani ndi pampu ya madzi. Sanali wolefuka. Madzi atabwera anawathira pang'onopang'ono mpaka kudzaza, kenako analiza injini chivindikiro chili chotsegula, n'kundiuza kuti ndiyang'ane pakamwa pa rediyeta ndili chapatali. Panalibe thovu. Patapita kanthawi madzi anayamba kuyenda cham'mbali ngati mumfuleni. Atate anati zimenezo zikusonyeza kuti pampu ikukankha, ndipo kachitseko kamene anzathu ankafuna kutaya kaja kakutseguka bwinobwino.

Chodabwitsa n'chakuti ndinali nditasiya kulira. Zala zanga zinali zakuda, ndipo ndinkamva kukoma kumene mwana amamva akamafunsidwa nzeru ndi munthu wamkulu. Mpeni sindinauiwale, koma tsopano ndinkaufunafuna m'kati mwa injini ija.

Atate anatseka chivindikiro n'kunena, mokwezanso, "Madzi alipo ndipo akuyenda. Oyilo ali bwino. Chatsala n'chiyani?"

"Mphepo," ndinayankha.

"Fani nayo ikuzungulira, ukuiona. Nanga mphepo imene ikukokayo ikuitenga kuti? Galimotoyi m'mawa inayenda bwino. Tazungulira uione, mwina upeza chimene chasintha."

Ndinapita kutsogolo. Injini ili chilirire, nsalu ya ambuya inali itamatirira pa galimoto, yakokedwera m'kati, moti timipata tonse ndi mothyoka muja zinkaonekera pansaluyo. Mitima yofiira ija inali itabonyokera m'kati. Ndinalowetsa dzanja cham'mbali kuseri kwake, ndipo ndinamva pulasitiki ikukanirira, mphepo osadutsa ngakhale pang'ono. Ndinatembenuka kuti ndiwauze atate, koma iwo anali atazimitsa injini n'kuyamba kupukuta manja ndi chisanza, maso ali ku malole odutsa, ngati munthu amene nkhaniyo sikumukhudza.

Sindinataye nthawi. Ndinapita mumthunzi muja n'kuima pamaso pa ambuya.

"Mkazi mnzanga, ndinu mwatsamwitsa galimoto. Nsalu yanu yaitseka mphuno."

"Choka apa iwe. Nsalu ingawiritse chitsulo? Nsanje basi, chifukwa sudziwa kusoka."

"Bwerani muone. Kapena muike pamphuno panu mupume, tione ngati mufika ku Mandevu."

Anthu aja ankadikira kuti mayi wamkuluyo apse mtima. Ambuya anadzuka, anakonza duku, n'kupita kutsogolo kwa galimoto. Anamasula kangodya kamodzi ka nsaluyo, anakaika pamphuno pawo, n'kukoka mpweya. Pulasitiki inawamatirira kumaso. Anaichotsa msanga, anandiyang'ana, kenako anayamba kuseka. Anaseka mpaka kugwira bampala, misozi ikutsika, ndipo anyamata a matayala nawo anamasuka n'kuseka nawo. Atapuma ambuya anati, "Tawafunsa atate ako, n'zoona zimene ukunenazi?"

Atate anayankha akuyang'ana pansi. "Uwauze ambuya ako kuti nsaluyo ndi yosokedwa bwino kwambiri. Ndi yolimba moti ngakhale mphepo yalephera kudutsa."

Ambuya anasekanso, koma ulendo uno ndinaona kuti mawuwo awakomera. Anamasula zingwe zonse ndi manja awo, osalola munthu kuwathandiza, n'kukaimangirira nsaluyo kumbuyo kwa galimoto, amvekere kumeneko ndiye kwabwino chifukwa otitsatira aziwerenga mayina. Tinanyamuka mano ogweluka ali pamtunda. Ine maso anali pa kamuvi kaja njira yonse, ndipo kanakhala pakati osasuntha mpaka tinadutsa msika wa Mandevu.

Tikulowa pageti la holo ndinamva nyimbo yanga itayamba kale. Ndinatsika galimoto isanaime bwino, chitenge ndinachitaya panjira. Pakhomo panali ba Matironi, nkhope ili gwa, ndipo pambali pawo panali Mulenga atagwira mpeni ndi manja awiri. Ndinkayembekeza kulimbana naye, koma nditamuyang'ana ndinaona kuti mwanayo wagwidwa ndi mantha, thukuta lili chuchuchu. Anali atasuzumira m'holo n'kuona khamu la anthu. Atangondiona anandipatsa mpeniwo mwachangu ngati ukumuotcha. Ba Matironi anayang'ana zala zanga zakuda pa maliboni oyera, kenako anangondikankha pamsana.

Ndinavina tsiku limenelo. Ndinavina zimene anandiphunzitsa ndi zina zimene palibe anandiphunzitsa. Azimayi anaimirira ndi nthungululu, anti Misozi ankaseka ataphimba pakamwa ndi maluwa, ndipo nditafika pakati pa holo ndinamva mawu a ambuya kumbuyo akuuza aliyense kuti ameneyo ndi mkazi mnzawo, chiuno anatengera iwo. Ndinagwada n'kupereka mpeni, maliboni ali ndi zidindo za zala zanga. Sindikumbukira tsiku lina la ubwana wanga limene ndinasangalala chotero.

Kwa zaka zambiri nkhaniyi ndinkaikamba monyada, kuti ine ndili mwana ndinapeza vuto limene linazunguza amuna akuluakulu. Atate ankangomwetulira ndikamaikamba. Nditakula n'kugula galimoto yanga, tsiku lina ndinawatenga kupita nawo kuchipatala cha maso, ndipo tili pamzere wa magalimoto mumsewu womwe uja ndinakumbukira kutsokomola kwawo ndi mnyamata amene anamutuma madzi. Ndinawafunsa kuti vutolo analidziwa liti.

"Pamene ankamangirira zingwe," anatero. "Ndinkati mtunda ndi waufupi, tifika isanawire. Pamenepo ndinaphonya."

Ndinawafunsa chifukwa chake anataya nthawi ndi mapaipi ndi oyilo, akudziwa kale. Anati sinali nthawi yotayika. Injini ikawira uyenera kuona ngati kuwirako sikunaononge china, ndipo kupeza chifukwa chimodzi sikutanthauza kuti palibe chachiwiri. Komanso ambuya anayenera kumva ndi makutu awo kuti zina zonse zili bwino, kuti nsalu ikatchulidwa pasakhale mkangano. Ndiye ndinawauza zimene zinkandiwawa, kuti ndinatsala pang'ono kuluza mpeni wanga chifukwa cha ulemu wawowo, pamene akanangodula zingwe n'kuyendetsa.

Anayankha akuyang'ana kutsogolo ndi maso awo ofooka aja.

"Ndikanaichotsa ine pamaso pa anthu aja, iwe ukanavina ndithu. Koma ambuya ako akanakhala pa ukwati wa mwana wawo mutu uli pansi, atachititsidwa manyazi ndi mkamwini pamsewu. Panali munthu mmodzi yekha woti awauze iwo n'kuseka, ndipo anali iwe. Ndinkafuna nonse awiri mukafike."

Lero galimoto yanga ikatentha ndimaima, ndimadikira izizire, kenako ndimafunsa madzi, oyilo ndi mphepo, n'kudzifunsanso chimene chasintha chichokereni kunyumba. Zimenezo n'zosavuta, ndinaziphunzira masana amodzi. Chimene chinanditengera zaka kuti ndimvetse n'chakuti munthu ukhoza kudziwa bwinobwino chimene chalakwika koma pakamwa poyenera kuchinena pasakhale pako. Ine ndine wapakamwa chibadwire, ndipo kunyumba ngakhale kuntchito choonadi ndimafuna kuchitulutsa chikadali chotentha. Ndikamva chikundikwera pakhosi ndimakumbukira kuti atate anaima padzuwa la Okutobala yankho lili m'kamwa, mwana wawo akulira, apongozi awo ali pa kireti, ndipo anapirira mpaka tonse tinakafika ku ukwati tikuseka.